Kalata kwa Mfumu ya Mzinda wa Blantyre: Msika watilakwira chiyani?

Olemekezeka Mfumu ya Mzinda,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi makhansala ndi onse ogwira ntchito ku Civic Centre. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Zingwangwa, ndipo ndimagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni. Ndinaphunzira ndi ndalama ya tomato. Mayi anga anakhala pa benchi ya mumsika zaka zoposa 20 akugulitsa tomato, anyezi ndi bonya, ndipo fizi yanga yonse, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, inkatuluka pa mfundo ya chitenje chawo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti amene akukulemberaniyu msika ndi kwawo.

Chandilembetsa kalatayi ndi funso lomwe mayi anandifunsa m'khitchini mwanga momwe. Anabwera kudzationa Loweruka lina, ndipo pofuna kundithandiza kuphika anamasula jumbo yomwe ndinali nditangofika nayo. Munali tomato wokutidwa ndi pulasitiki, pamwamba atamatapo kapepala ka mtengo. Anamutembenuza, kumununkhiza, n'kunena kuti, "Uyutu ndi wa ku Bvumbwe, yemwe uja tinkapikula mbandakucha." Kenako anawerenga kapepalako nakhala chete kanthawi. Atadzutsa mutu anati, "Mwanawe, msika wakulakwira chiyani?"

Tsiku limenelo ndinasowa chowayankha. Ndinkadziwa kuti ndalipira mowonjezera. Msika uli pafupi ndi nyumba yanga kuposa sitolo yomwe ndinakagulayo. Tomato ndi yemweyo, mwina wamumsika ndi amene anali watsopano. Komabe miyendo inandipititsa kwina, ndipo inali itachita zimenezo kwa zaka ndithu ine osadzifunsa.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa anthu, kuntchito, kumvano, m'minibasi, ngakhale pamaliro tikamasadzula masamba kuseri kwa nyumba: mumagula kuti ndiwo, nanga chifukwa chiyani? Ndi macheza chabe, koma andiphunzitsa zambiri. Ndinkayesa kuti aliyense ayamba ndi mtengo. Mtengo amautchula ndithu, koma kumapeto. Mnzanga wa kuntchito anayamba ndi matope. Ali ndi nsapato imodzi yopitira kuntchito, ndipo akuti sangailowetse m'tinjira ta mumsika nthawi ya dzinja. Mlamu wanga anatchula foni. Nditamufunsa ngati anaberedwapo anati ayi, koma anamva kuti mnzake wa mnzake anamusolola. Mayi wina wachikulire wa kumvano, amene amadwala shuga, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti vuto lake ndi chimbudzi, sangakhale ola lathunthu pamalo pomwe sakudziwa kuti akapanikizika alowera kuti. Mtsikana wa m'bale wanga anati watopa ndi anyamata omugwira mkono ndi kumuitana maina. Bambo wina anati alibe poimika galimoto pomwe angaisiye mtima uli m'malo.

Yankho lomwe ndinalimva kawirikawiri kuposa onse ndi ili: "Amayamba ayang'ana nsapato zako asanatchule mtengo." Anthu ambiri kunenerera sakudana nako, ndi mbali ya macheza athu. Chimene chimawawawa ndi kubwerera kunyumba akudzifunsa ngati apusitsidwa. Kapepala ka mtengo kaja, ngakhale mtengowo ukhale wokwera, kamamuuza munthu kuti wa suti ndi wa patapata alipira chimodzimodzi, ndipo alipo ambiri amene amalolera kuwonjezera ndalama kuti agule mtendere umenewo.

Mwa onse amene ndinawafunsa, palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti ndiwo za mumsika n'zoipa. Onse amavomereza kuti mpiru, chisoso, nkhwani ndi therere labwino zili kumsika, kuti usipa ndi matemba enieni sungawapeze pa shelefu, kuti mbatatesi ya ku Tsangano, nanazi wa ku Mulanje ndi manachesi a ku Mwanza zimafikira kumeneko. Katundu akumukhulupirira. Amene sakuwakhulupirira ndi malo.

Mbali inayo nayonso ili ndi mantha ake, ndipo awa sitiwakamba kwambiri. Ndinawatenga mayi tsiku lina kupita nawo m'sitolo ina yaikulu. Pakhomo anauzidwa kuti asiye chikwama chawo. Potuluka mlonda anatenga lisiti n'kumaliyerekeza ndi katundu mmodzimmodzi. Ndi ntchito yake, amachita zimenezo kwa aliyense, koma mayi anatuluka nkhope itagwa, akuti awayesa wakuba. Sanabwerereko mpaka lero. Alipo ambiri ku Ndirande, ku Mbayani, ku Bangwe ndi ku Chilobwe amene amadutsa masitolo akuluakulu tsiku ndi tsiku osalowamo, ngakhale pamene shuga kapena sopo m'menemo watsika mtengo kuposa pa okala. Amaopa kufika pa tilu ndalama n'kuperewera anthu ali pamzere kumbuyo akuyang'ana. Pa okala ya kwawo amagula mafuta oyeza a lero lokha, shuga wa tiyi wa mawa, kaufa kokwanira nsima imodzi. Akasowa amalembetsa ngongole mpaka pa 30. Mumsika amamutcha "kasitomala wanga", amamufunsa za mwana amene ankadwala, amamuikira banyira. Munthu ameneyu akawerengetsa pa mwezi amapezeka kuti walipira zambiri kuposa wogula paketi yathunthu, ndipo nthawi zambiri amadziwa. Koma kumeneko ndi kumene amadziona kuti ndi munthu.

Choncho, Olemekezeka, chimene ndapeza ndi chakuti munthu asanatuluke m'nyumba ndi dengu amakhala atanyamula kale chithunzi cha malo m'mutu mwake: fungo lake, phokoso lake, mmene amulandirire, ngati atulukeko ndi ulemu wake wonse. Chithunzi chimenecho ndi chimene chimamukweza minibasi iyi kapena iyo. Mtunda ndi mtengo zimabwera pambuyo kudzangovomereza zimene mtima wagamula kale. Ndipo ndikachiyang'anitsitsa chithunzi cha misika yathu, ndimaona kuti chinapangidwa ndi zinthu zomwe wogulitsa tomato payekha sangazisinthe: ngalande, njira, chimbudzi, getsi, malo otayira zinyalala, geti. Zimenezi zili m'manja mwa khonsolo, pakuti lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linaika misika m'manja mwa makhonsolo. N'chifukwa chake kalatayi ndalembera inu.

Mzinda wathu uno nkhani yotere siyachilendo. Kampani ya African Lakes, yomwe inamanga nyumba ya Mandala mu 1882, makolo athu sanaitchule ndi dzina lake la ku Glasgow. Anaona magalasi a John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, akunyezimira, n'kumutcha Mandala, ndipo dzinalo linagwira sitolo, kampani, mpaka dera lonse lomwe tikulitchabe choncho lero. Masitolo a Kandodo nawo, dzinalo mukulimva nokha kuti ndi la pakamwa pathu. Wogula wa ku Kabula wakhala akupatsa malo ogulitsira dzina ndi mbiri molingana ndi zimene maso ake aona, ndipo akapereka, zimakhala. Masitolo a PTC anatsekedwa mu 2022, koma mpaka pano anthu amapanganabe kuti tikumane pa PTC, pamalo pomwe chikwangwani chinachotsedwa kale. Ngati dzina limatsala sitolo itapita, ndiye kuti mbiri yoipa nayonso imatsala ngakhale malo atakonzedwa, pokhapokha anthu ataona ndi maso awo kwa nthawi yaitali kuti zasinthadi.

Taonani za Limbe. Tauni imeneyi inakulira pa njanji ndi fodya, n'kudzaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956, koma m'mitu mwathu ikadali dziko lakelake. Aliyense amadziwa mawu akuti "ku Limbe n'kotchipa". Kwa wokaoda katoni ya sopo, belo la kaunjika kapena malata, n'zoonadi. Koma ndaonapo amayi akuchoka ku Chilomoni, kukwera minibasi ziwiri kupita ndi ziwiri kubwerera, kukagula zinthu zochepa zomwe akanazipeza pa msika wa Blantyre, ndipo zimene apulumutsa pa mtengo zathera kwa kondakitala. Ukawawerengera amaseka, n'kunena kuti komabe ku Limbe umapeza chilichonse. Limbe yemweyo ali ndi mbiri yachiwiri, yoti ugwiritse chikwama, ndipo mbiri imeneyi imabweza anthu ena amene akanasiya ndalama zambiri kumeneko. Mbiri ziwirizi zimayenda limodzi mumsewu wa Masauko Chipembere tsiku lililonse, ina ikukokera anthu ku Limbe, ina ikuwatsitsira pa Chichiri.

Chithunzi choipa sichichedwa kujambulika. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za muno mu Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Nthawi imeneyo mabanja ambiri amene ndimawadziwa anasiya kugula masamba, zipatso ndi nsomba zaziwisi paliponse pomwe aona madzi akuda akuyenda pafupi. Mliri unatha, koma ena sanabwerere. Anazolowera kwina. Kenako mu Malichi chaka chomwecho kunabwera namondwe wa Freddy, amene anatilanda abale athu ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, n'kutisiyira mantha a madzi omwe kale tinalibe. Lero mayi akaona ngalande yotsekeka pakhomo pa msika saona matope okha, amakumbukira zambiri. Ndiponso masiku ano chithunzi chimodzi cha mulu wa zinyalala chikaikidwa pa WhatsApp m'mawa, pofika masana chazungulira magulu a mpingo, a kuntchito ndi a makolo a kusukulu. Tsiku lomwe zinyalalazo zachotsedwa palibe amene amajambula.

Tsopano ndifike pa nkhani yomwe ndikudziwa kuti imakusowetsani tulo, ya mavenda a m'misewu. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachita Dongosolo, mavenda anachotsedwa m'misewu, ndipo tonse tinaona makhonde a masitolo a mu Haile Selassie ndi ku Limbe atayera. Patapita nthawi anabwerera. Kuyambira pamenepo nkhani ndi yomweyo: kuchotsedwa, kubwerera, kuchotsedwanso. Ambiri amati mavenda ndi osamva. Ine monga mwana wa mumsika ndikuuzani kuti palibe amene amakonda kukhala padzuwa, m'fumbi la magalimoto, diso limodzi lili pa katundu lina likuyang'ana kothawira. Venda amatsata wogula. Amakhala pamsewu chifukwa ndi pamene ndalama ikudutsa, ndipo ndalama ikudutsa pamsewu chifukwa ife ogula sitikufuna kulowa m'kati.

Ndidzipereke ndekha ngati chitsanzo. Ndimaweruka 5 koloko. Pofika pokwerera minibasi, kudikira kuti idzaze, kuyenda mumpanipani wa magalimoto, ndimatsika kwathu kutayamba kuda, makamaka miyezi ya Juni ndi Julaye. M'kati mwa msika nthawi imeneyo ambiri akulongedza, tinjira tili mumdima, ndipo ine ndanyamula chikwama chomwe muli foni. Pomwe ndatsikirapo pali mayi wayala tomato ndi mpiru pa thumba, pafupi ndi kuwala kwa sitolo. Ndimagula pamenepo. Mawa lake mayi amene ali ndi benchi m'kati, amene amadula tikiti ya msika tsiku lililonse, amaona kuti mnzake wa panja wagulitsa zonse pomwe iye tomato wake akufewa. Sabata yotsatira nayenso amatuluka. Sanatuluke chifukwa cha mwano. Ndamutulutsa ndine, ndi mantha anga a mdima.

N'chifukwa chake ndikuona kuti kuthamangitsa mavenda kokha kuli ngati kukolopa m'nyumba mpopi uli chitsegukire. Ndikuvomereza kuti misewu iyenera kuyendeka, ndipo chakudya sichiyenera kuyalidwa pafupi ndi ngalande. Koma mphamvu zomwe zimathera pa wogulitsa, theka lake litapita pa kukopa wogula kuti alowe pageti, ogulitsa ambiri akanalowa okha pambuyo pake.

Pempho langa loyamba, ndipo ndikhalapo pang'ono, ndi chimbudzi. Ndikudziwa kuti si nkhani yokoma kuilemba m'kalata yopita kwa munthu wolemekezeka, koma ndi imene amayi amanong'onezana. Amene amagula ndiwo m'mabanja ambiri ndi mayi, nthawi zambiri ali ndi mwana kumbuyo, nthawi zina ndi woyembekezera, nthawi zina ali kumwezi. Amene amakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo nayenso ndi mayi. Mayi anga ankadziletsa kumwa madzi tsiku lonse kuti asafune kupita kuseri, ndipo anzawo ambiri ankachita chimodzimodzi. Chimbudzi chokhala ndi madzi, chitseko chotsekeka, getsi, ndi pampopi posamba m'manja pomwe aliyense wodutsa akuona, chimachita ntchito ziwiri. Chimathandiza wolowamo, komanso chimauza wogula amene sanalowemo kuti manja amene amupatsa masambawa ali ndi posamba. Anthu salimbana ndi kulipira kangachepe pakhomo ngati m'katimo muli mwaukhondo. Masitolo akuluakulu anazindikira zimenezi kalekale, ndipo ndikudziwa anthu amene amasankha kokagula Loweruka potengera chinthu chimenechi chokha.

Lachiwiri ndi sikelo ya aliyense. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe likulu lake lili konkuno ku Blantyre, ndi lomwe limayesa masikelo. Bwanji khonsolo osagwirizana nalo kuti pakhomo pa msika uliwonse waukulu pakhale sikelo imodzi yoyesedwa, yomatidwa chizindikiro, yomwe aliyense wogula nyama, mpunga, nyemba kapena ufa angaikepo katundu wake mwaulere? Ambiri sadzaigwiritsa n'komwe ntchito. Kungoiona ili pamenepo n'kokwanira kuchotsa kukayika kuja, ndipo wogulitsa wachilungamo ndi amene adzapindule koposa, chifukwa lero amanyozedwa limodzi ndi wachinyengo. Pafupi ndi sikeloyo pakhoza kukhala bolodi ya choko pomwe komiti ya msika ingalembe m'mawa uliwonse mitengo ya zinthu zikuluzikulu, kuyambira pakuti mpaka pakuti. Kunenerera kudzapitirira, koma mlendo sadzaopanso kuti nsapato zake zamukwezera mtengo.

Zina ndingozitchula mwachidule, pakuti mumazidziwa kuposa ine. Magetsi oyendera dzuwa m'tinjira ndi pageti, kuti msika uzitha kugulitsa mpaka ogwira ntchito atatsika minibasi. Simenti kapena njerwa m'njira zikuluzikulu, ndi ngalande zomwe zimatsegulidwa mu Okutobala mvula isanagwe. Bini yaikulu ya zinyalala isamakhale pakhomo penipeni pomwe wogula akulowera, chifukwa fungo loyamba ndi limene munthu amapita nalo kunyumba. Ndipo pomanga msika watsopano kapena kusamutsa siteji ya minibasi, ziwirizi muziziganizira limodzi. Munthu wotopa, wonyamula katundu, sayenda mtunda kufunafuna geti. Shedi yokongola yomangidwa kutali ndi pomwe anthu amatsikira imakhala yopanda anthu, ogulitsa ali panja pamsewu.

Pali china chomwe sichifuna ndalama zambiri. Wogulitsa aliyense amadula tikiti tsiku ndi tsiku, ndipo funso lomwe limamveka m'mabenchi ndi lakuti ndalamayi imapita kuti. Mutamaika pa bolodi pageti kuti mwezi uno msika uno watolera zakuti, zakuti zalipira madzi, zakuti zakonza denga, ogulitsa akanayamba kuuona msika ngati wawo, ndipo munthu sataya zinyalala pakhomo pake. Wogula naye akawerenga bolodiyo amadziwa kuti malo ano ali ndi mwini wake amene akuwayang'anira.

Sindikufuna kuti muganize kuti ndikuyeretsa ogulitsa. Ndinakulira pakati pawo ndipo ndikudziwa zomwe zimachitika. Alipo amene amaika tomato wabwino pamwamba pa mulu, wophwanyika pansi. Alipo amene amagogoda ndowa kunsi kuti ilowe m'kati, chimanga chichepe. Alipo amene ukafunsa mtengo n'kusagula amakutsanzika ndi mawu oti sungawabwereze. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula akapeza nyerere kamodzi amauza mudzi wonse kuti mkuyu wonse ndi wotero. Mayi anga ankakangana ndi anzawo pa nkhani imeneyi. Iwo ankati kasitomala ukamubera lero wadya chakudya cha mawa. Ankalola munthu kusankha yekha, ndipo tomato wofewa ankamuika padera pa mtengo wake. Anthu ena anawagula kwa zaka 15 osasintha benchi. Makomiti a misika ali ndi mphamvu pa anthu awo kuposa wapolisi aliyense, ndipo khonsolo itakhala nawo pansi n'kugwirizana kuti inu tikukonzerani izi, inunso konzani izi, ndikukhulupirira kuti angamve. Anyamata ogwira atsikana mikono aja amadziwika maina ndi aliyense wa mumsika. Chimene chimasowa ndi wowauza kuti akuthamangitsa ndalama.

Mwina mungafunse kuti, nanga munthu akagula m'sitolo yaikulu m'malo mwa mumsika, mzinda wataya chiyani? Masitolowo ine sindidana nawo. Alemba ntchito ana athu, amakhoma misonkho, ndipo ena amagula kwa alimi athu omwe. Atiphunzitsanso kuti wogula ndi woyenera ulemu. Koma mzinda uno, pa kalembera wa 2018, unali ndi anthu opitirira 800,000, ndipo ambiri mwa iwo chakudya chawo chimadutsa mumsika, kaya akugula kaya akugulitsa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuyambira pamenepo banja lililonse likuwerenga tambala iliyonse. Pa nthawi ngati ino n'zopweteka kuti mayi azilipira mowonjezera pa tomato yemweyo chifukwa choopa matope ndi mdima. N'zopwetekanso kuti amene ali ndi kangachepe m'thumba, amene akanagula nkhuku yathunthu, mulu waukulu wa chambo ndi dengu la zipatso, ndi amene akuyamba kuchoka mumsika. Akachoka iwowo, mumsika mumatsala ogula a mulu umodziumodzi, phindu limachepa, ogulitsa amalephera kukonza mabenchi awo, malo amaipiraipira, ndipo enanso amachoka. Ndalama yomwe ikanadutsa m'manja mwa mayi wa benchi, mnyamata wa wilibala, wa kabaza, ndi mlimi wa ku Bvumbwe kapena msodzi wa ku Mangochi imadutsa njira yaifupi. Khonsolo nayo imataya, chifukwa benchi yopanda munthu sidula tikiti.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana. Anga atatuwa akukula akuganiza kuti msika ndi malo omwe munthu amapita akasauka. Wamkulu anandifunsa tsiku lina ngati agogo ake ankachita manyazi kugulitsa kumeneko. Ndinamuuza kuti agogo ake ankavala chitenje chochapa bwino tsiku lililonse, ankasesa pa benchi yawo asanayale katundu, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi akazi a mabwana ankaima pamzere kuwadikira. Sanandikhulupirire msanga. M'badwo umenewu ukadzayamba kulandira malipiro uli ndi chithunzi chimenecho m'mutu, misika yathu idzavutika kuposa lero.

Choncho musanakonze ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa, ndikupempha kuti mufunse ogula. Ogulitsa mumakumana nawo kudzera m'makomiti awo, eni masitolo ali ndi mabungwe awo, koma wogula alibe womuyankhulira m'zipinda zanu. Tumani achinyamata angapo ndi makope akaime pa Mibawa, pa Wenela, pa depoti ya Limbe ndi pa Chichiri, azifunsa anthu otsika minibasi funso lomwe mayi anga anandifunsa lija. Afunsenso amene ali m'mizere ya m'masitolo akuluakulu kuti anasiya liti kulowa mumsika, ndipo chinawachotsa n'chiyani. Mayankho ake akuuzani poyambira. Ndipo ngati ndalama sizikwanira misika yonse, sankhani umodzi, kaya wa Ndirande, kaya wa Bangwe, kaya wathu wa Zingwangwa, muukonze mokwanira, chimbudzi, magetsi, njira ndi sikelo, kenako muwerenge matikiti pakatha miyezi 6 muone ngati mabenchi sanadzaze.

Mayi anapuma tsopano, miyendo inayamba kuwavuta, ndipo benchi yawo anasiyira mwana wa mchemwali wawo. Chichokereni funso lija ndinabwerera kumsika Loweruka lililonse m'mawa. Ndimavala nsapato zakale, foni ndimaisiya kunyumba, ndipo ndimagula kwa m'bale wangayo ndi anzake oyandikana naye, amene ena amandikumbukira ndili kamtsikana kowerengera chenje. Koma Lolemba mpaka Lachisanu ndimagulabe pamsewu pomwe ndatsikira, chifukwa m'kati mumakhala mutada. M'bale wangayo wandiuza kuti akuganiza zoyamba kutulutsa dengu limodzi panja madzulo, ndipo ndamupempha kuti ayambe wadikira.

Ine wanu mwaulemu,

Mwana wa mayi wogulitsa tomato,
Zingwangwa, Blantyre